Anapiye Atagwidwa ku Chileka, Mwana Ali ku Bere

Mwandida ndi Yamikani, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Munazimva kwa agogo anu akadali moyo, ndipo iwo ankazikometsera kuposa momwe ine ndingathere. Zimene simunamve bwino ndi za kuntchito, chifukwa ndikaweruka ndinkafika wotopa, mukandifunsa ndinkangoti zinali bwino. Tsopano ndapuma, miyendo yayamba kukana maulendo, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Muwerenge mukudziwa kuti mayi anu amene mumawatcha olimba mtima anali munthu wamantha kwambiri. Ndinkaopa mabwana, ndinkaopa telefoni ikalira, ndinkaopa ngakhale kachifuwa ka mwana.

Chaka chimene ndinatuluka ku koleji: Chileka

Dziko linali litangolowa mu ndale za zipani zambiri, ndipo makampani akunja ankabwera motsatizana kudzayesa mwayi. Ine ndinali ndi satifiketi ya ukalaliki ndi kasungidwe ka katundu, nsapato peya imodzi, ndi siketi yakuda imene ndinkaichapa madzulo n'kuivalanso mawa lake. Ntchito ndinaipeza pa kampani ina ya nkhuku imene eni ake anali ku Joni. Dzina lake ndilisiya. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi kuseri kwa golosale, kufupi ndi geti ya bwalo la ndege, moti ndege ikamatera makapu ankanjenjemera pa tebulo. Eni kampani sindinawaonepo ndi maso mpaka ndinapuma. Ankatilankhula kudzera pa makina a faksi, kapepala kofunda kamene kankatuluka kakudzipinda, ndipo woyankha kapepalako anali bwana wathu, a Naidu, mmwenye wa ku Durban, wamfupi, wa thukuta pamphuno ngakhale kunja kukuzizira. Poti tsiku lonse ankaima pambali pa makinawo manja ali m'chiuno, dalaivala wathu Che Saidi anawapatsa dzina loti a Faksi, ndipo Chileka yense anawadziwa ndi dzina limenelo.

Tsiku loyamba anandifunsa m'Chingerezi chawo chothamanga, "Umatha kudikira?" Ndinayankha kuti ndimatha kutaipa ndi kulemba malisiti. Iwo anati, "Sindinafunse zimenezo. Kuno ntchito yako ndi kukhala pa benchi." Sananame. Kampani yakunja ikafuna kulowetsa chilichonse chokhudza nkhuku inkafunika chilolezo cha a ziweto, cha a zamalonda, cha ku banki chololeza kulipira kunja, kenako a kasitomu. Chilichonse chinali ndi ofesi yake, benchi yake, ndi nthawi yake yothera mphamvu. Umathamangira cha ku banki, akuuza kuti ndalama zakunja zasowa, udikire. Pomwe chikutuluka, cha a ziweto chatha kale, kayambirenso. Maofesiwo ankafunanso munthu mmodzi wa dziko lino amene dzina lake lalembedwa ngati woimira kampani, woti azisaina ndi kuyankha mafunso. A Faksi analemba ine. Ndinayenda monyada sabata yonse, osadziwa chimene ndasenza.

Bwana akatopa ankamenya tebulo n'kumati, "Dziko laling'ono chonchi, zidindo zochuluka chonchi!" Che Saidi, atatsamira pa chitseko akutokosa m'mano, ankayankha m'Chichewa, "Kwanuko kukanakhala kofewa mukanadzatani kuno? Akalaliki, tawamasulirani." Ine ndinkamasulira kuti, "Akuti pepani, bwana." A Faksi ankamuyang'ana n'kumati, "Mawu onse aja ndi pepani mmodzi?" Koma musaganize kuti ndikunyoza malamulowo. Ndinakulira ku Lirangwe, ndinaona chitopa chikusesa nkhuku mudzi wonse, amayi akutola zakufa m'mawa uliwonse pansi pa nkhokwe. Ndinkadziwa chimene a ziweto ankaopa. Kungoti mantha awo ndi changu cha eni kampani zinkakumana pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinali ine.

Chaka cha ukwati wanga: Lirangwe

Eni ake anaganiza zotsegula depoti ku Lirangwe, m'mphepete mwa msewu wopita ku Zalewa, yogulitsa nkhuku zophedwa kale, zouma ndi chisanu, zochokera ku fakitale yawo. Ananditumiza ine poti ndi kwathu, ngakhale masiku a ndege ndinkapitabe ku Chileka kukasaina. Chaka chomwecho ndinakwatiwa ndi bambo anu, ndipo tinamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya agogo anu a Nagama, amene nthawi imeneyo ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika.

Tsiku lotsegulira anthu anadzaza khonde, koma anabwera kudzaona firiji. Ana ankayika masaya pa galasi kuti amve kuzizira. Wogula panalibe. Tinatsitsa mtengo mpaka kuchepera wa nkhuku ya pamsika, komabe ayi. Ine ndinkangoganiza kuti anthu alibe ndalama, ndipo ndi zimene ndinkalemba mu lipoti mwezi ndi mwezi. Potsiriza a Faksi anabwera okha tsiku la msika, nandiuza kuti ndiitane mayi aliyense woti amufunse. Amene anali pafupi ndi agogo anu. Anapukuta manja pa chitenje, ananyamula paketi n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Aginesi, tamufunsa bwana wakoyo. Nkhukuyi anayamba kudyako ndani?"

"Amayi, palibe anadyako. Ndi momwe amakonzera ku fakitale."

"Mutu palibe. Zipalapasiro palibe. Tatsegula ndione m'katimo." Ndinatsegula, iwo anapisamo dzanja. "Nthutumba ili kuti? Abwere alamu anga a ku Mdeka, ndiwaphikire iyi, avundukule mbale asapeze nthutumba, ati chiyani? Ati a Nagama anatipatsa zotsala. Iwenso ndiwe wokwatiwa tsopano, kaphikire mwamuna wako uone ngati sakufunsa kuti wapatsa ndani."

Ndinachita manyazi chifukwa ndinkazidziwa zimenezi chibadwire, koma sindinaganizepo kuti zingalowe mu lipoti la kampani. Nthawi ino ndinamasulira zonse, osabisa. Che Saidi anawonjezera kuti iwonso sanalawepo nkhuku zathu ngakhale ankazinyamula tsiku ndi tsiku, chifukwa sankadziwa amene anazinga ndi momwe anazingira, ndipo ochita malonda ambiri pa Lirangwe ndi Asilamu anzawo. A Faksi anaseka mpaka misozi, anagula tomato wa agogo anu mulu wonse, n'kubwerera kukalemba faksi yaitali. Yankho linabwera lalifupi. Fakitale imakonza nkhuku mofanana za maiko onse, zam'kati amagulitsa padera, ndipo sangasinthe makina chifukwa cha msika waung'ono ngati wathu. Kenako magetsi anayamba kuthimathima. Firiji ikagona yozima, m'mawa tinkakumba dzenje kuseri kwa depoti, agalu a pa Lirangwe akutiyang'anira patali.

Chimene chinatipulumutsa ndi maganizo a a Faksi oti tisiye zakufa, tizigulitsa anapiye amoyo ndi chakudya chawo, munthu akawete yekha, akazinge yekha, adye nthutumba yake. Izi zinagwira. Aphunzitsi, magulu a amayi, ogwira ntchito ku bwalo la ndege, onse anayamba kumanga makola. Vuto linali loti anapiyewo ankabwera pa ndege, olipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inkagwa mwezi ndi mwezi. Eni ake anatopa. Anati atiyesa komaliza, atitumizira anapiye a mbewu, okwera mtengo kwambiri, oti akakula aziikira mazira konkuno tiziswetsa tokha. Faksi yake ndinaiwerenga ndi maso anga: izi zikalephereka, kampani ikutseka n'kuchoka m'dziko muno. Nthawi imeneyo bambo anu anali atachotsedwa ntchito ku Limbe pomwe fakitale yawo inagulitsidwa, ndipo anali atapita ku Joni kukasaka ina. Ine ndinali woyembekezera. Ufa, sopo, mankhwala, zonse zinkadalira ntchito yangayo.

Mwezi wa Juni, Mwandida usanayambe kukhala pansi

Unabadwa wochepa thupi, ndipo mwezi wozizira umenewo unali ndi kachifuwa kosatha. Ndinkadzuka kukuika khutu pamphuno kuti ndimve ngati ukupuma. Masiku a ku depoti agogo ako ankakubweretsa kudzayamwa kuseri kwa matumba a chakudya cha nkhuku. Masiku a ndege Che Saidi ankanditenga m'mawa, ndipo agogo ako ankakunyengerera ndi kaphala kamadzimadzi mpaka ndibwere dzuwa lisanalowe. Sindinagonepo kutali ndi iwe.

Anapiye a mbewu aja anatera Lachiwiri masana. Makatoni a mabowo anatsitsidwa n'kuikidwa mu shedi ya katundu, mapepala anga onse ali m'manja, aliyense ndi chidindo chake. Dokotala wa ziweto wa pa bwalopo, bambo wachikulire wofatsa amene tinkadziwana bwino, anawawerenga, anavula magalasi, n'kundiitanira pambali.

"Mwanawe, mapepala ako alibe vuto. Koma m'mawa uno kwabwera mawu ochokera ku likulu. Kumene achokera anapiyewa kwamveka matenda a nkhuku. Zilolezo zonse zakale aziimitsa. Pakufunika kalata yatsopano ya akuluakulu, yosainidwa ndi dzanja, ya chidindo chenicheni. Ya faksi anena kuti ayi."

"Nanga anapiyewa, adokotala?"

"Satuluka pa geti iyi. Ndikawatulutsa, chitopa n'kubuka ku Lunzu, ndikayankha chiyani?"

Mwanapiye akangoswedwa amakhala ndi chakudya chake m'mimba chomusunga masiku awiri kapena atatu, ndipo awa anali atatha kale tsiku limodzi m'njira. Shediyo inali ya simenti, mphepo ya Juni ikulowa pansi pa chitseko. Ankalira onse pamodzi, piyo piyo piyo, kaphokoso kosalekeza kolasa m'makutu. Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu: nditamva kulirako mkaka unayamba kutuluka wokha, bulauzi inanyowa, ndinabisa chifuwa ndi fayilo ya kampani.

A Faksi anafika akuthamanga, anachonderera, anakuwa, koma sizinathandize. Iwo sakanapita ku likulu. Chilolezo chawo chogwirira ntchito m'dziko muno chinali chikadali ku ofesi kukawonjezeredwa nthawi, komanso dzina lolembedwa linali langa. Anati, "Agnes, unyamuke lero ndi Saidi. Mukagone ku Lilongwe, m'mawa ukakhale woyamba pa khomo."

"Bwana, ndili ndi mwana wa ku bere."

"Usiku umodzi wokha. Amayi ako alipo. Ndigula chitini cha mkaka."

"Ndingamutenge?"

"Ayi. Inshuwalansi ya galimoto silola mwana kapena munthu wosalembedwa ntchito. Chikachitika china pa msewu, eni ake akamva, tonse tapita." Anandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo. "Anapiyewa akafa, Lolemba kulibe ntchito. Ine ndili ndi kwathu kobwerera. Iwe ndi Saidi ndiye sindikudziwa."

Madzulo a tsiku lomwelo, pa Lirangwe

Msewu wa ku Lilongwe umadutsa pakhomo pathu penipeni, ndiye tinaima kuti nditenge zovala. Che Saidi anaimika pikapu pansi pa mtengo wa mthethe, injini osazimitsa. Ndinapeza agogo anu atangoweruka kumsika, akukusisita iwe pa mkeka. Ndinakuyamwitsa ndikufotokoza, chitini cha mkaka chili pambali panga. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ukagone kumeneko?"

"Usiku umodzi, amayi."

"Ndiye umutsanzike bwinobwino, ayamwe komaliza. Bere likagonera limasasa. Ukabwera mawa n'kumupatsa, atsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa. Pakhomo panga pano sizichitika."

"Ku sikelo anamwino anati zimenezo si zoona. Anati mkaka suwonongeka uli m'thupi."

"Anamwinowo ndi amene adzakumbe manda? Mwana wa a Nasibeko anapita bwanji, mayi ake atagona ku maliro ku Neno?" Anatsitsa mawu. "Ndiponso mwamuna wako ali ku Joni. Iwe ukagone ku Lilongwe ndi dalaivala, mwanayu n'kudzadwala, anthu ati wamusempha. Ukawauze za anapiye?"

Ndinali ndi satifiketi, ndinkakhulupirira anamwino. Koma ndikakuyang'ana ukutsokomola, mtima unkati nanga amayi akakhala kuti akunena zoona? Ndipo ngakhale zikanakhala zabodza, ndinkawadziwa agogo anu. Akanakubisa kwa azakhali sabata yonse kuti usandiyandikire, ndipo mwana wochepa ngati iwe, kumusiyitsa bere mwezi wa Juni n'kumuika pa chitini ndi madzi a pa mjigo, ndinkaona maliro. Ndikakana ulendo, anapiye afa, ntchito yatha, ndikudyetsa chiyani? Ndikakutenga, ndaphwanya mawu a bwana, ndipo ndikukudutsitsa m'chisanu cha ku Dedza uli ndi chifuwa. Kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali iwe. Panja Che Saidi analiza hutala.

Ndinanyamuka, ndinatenga bulangete ndi matewera, n'kukuponya kumsana.

"Ukutani?"

"Ndikumutenga. Bere siligonera ngati mwini wake ali pomwepo."

"Wapenga? Kamwana aka ku Dedza?"

"Amayi, mwanayu ndi wanga. Ntchitonso ndi yanga. Sindisiya chilichonse."

Chibadwire sindinawayankhepo chonchi. Anandiyang'ana, kenako analowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti akwiya. Nditafika pa galimoto ndinamva mapazi kumbuyo. Anali iwo, atavala juzi ya bambo anu ndi nsapato za ku tchalitchi, m'manja muli fulasiki ndi kapoto ka mbatata yophika.

Che Saidi anasuzumira pa windo. "Akalaliki, bwana anati munthu mmodzi. Ine ndikuona atatu."

Agogo anu anati, "Bwana wakoyo ali pano?"

"Ali ku Chileka, amayi."

"Ndiye tsegula. Mdzukulu wanga sapita ku Lilongwe ngati thumba la madeya. Ndipo wina akadzafunsa kuti Aginesi anagona kuti, ndidzayankha ndine."

"Walahi, ntchito yanga yathera pa Lirangwe," anatero Che Saidi akutsegula chitseko. "Koma mbatatayo ikhale pakati."

Tinapanikizana kutsogoloko, giya ikugunda bondo la agogo anu. Che Saidi anayendetsa ngati wanyamula mazira, ndipo pa Dedza anavula jekete yake n'kutsekera mpata wa galasi umene unkalowetsa mphepo. Ine njira yonse dzanja linali pachifuwa pako. Tinakagona kwa msuweni wanga ku Kawale, Che Saidi kwa abale ake kufupi ndi mzikiti.

Lachitatu m'mawa, ku likulu

Ndinali ndisanalowepo m'maofesi aakulu aja. Agogo anu anakhala pansi pa mtengo panja ali ndi iwe, ine ndinakwera masitepe. Mlembi wa bwana wamkulu, mayi wa magalasi ndi tsitsi lowotcha, anandiuza kuti bwana ali mu msonkhano wa nkhani yomweyo ya matenda, ndidikire. Pa benchi panali kale anthu a makampani ena, amuna a mataye, aliyense ndi fayilo yake. Kudikira ndinkakutha, koma tsiku limenelo mphindi iliyonse ndinkamva piyo piyo m'mutu. Dzuwa litakwera ndinamva kulira kwina pa masitepe, kumene ndinkakudziwa bwino. Agogo anu anatulukira pa khonde, mlonda akuwatsatira pambuyo akuti, "Amayi, kuno si ku chipatala!"

"Ndaona kuti si ku chipatala. Bere lake lili muno."

Amuna a mataye aja anaseka, ine ndinafuna pansi patseguke. Mlembi uja anatsitsa magalasi. "Mwanayu ndi wanu? Mwachokera naye kuti?"

"Ku Lirangwe, mayi."

"Chifukwa cha anapiye?" Anapukusa mutu. "Lowani muno, pali mpando kuseri kwa kabati. Agogo, inunso khalani apa."

Bwana wamkulu anatipeza choncho, iwe uli pa bere, fayilo ili pa bondo. Sanaseke ndipo sanandikomere mtima chifukwa cha mwana. Anandilowetsa pa nthawi yanga, n'kundifunsa mafunso olimba: anapiyewo aswedwa dera liti, latalikirana bwanji ndi kumene kwabuka matenda, anabayidwa katemera wanji, tikawasunga kuti. Mwayi wake zonse zinali m'mapepala a ku Joni, ndipo dera lake linali lina. Anaimba telefoni ku Chileka, analankhula ndi adokotala aja nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndikulolani, koma motere. Akakhale malo amodzi otsekedwa, osayandikana ndi nkhuku za m'mudzi, osagulitsa ngakhale mmodzi, mpaka dokotala wathu atanena kuti ali bwino. Wina akafa mosadziwika bwino, mutiuze tsiku lomwelo. Mukabisa, amene tidzamufune ndi amene asaine apa. Osati mmwenye wanuyo, osati eni ake a ku Joni. Mwamva, mayi?" Ndinati ndamva. Ndinasaina. Chidindo chitagunda pa pepala ndinamva ngati wina wanditula mtolo wa nkhuni.

Madzulo ake, ku Chileka

Pobwerera ndinapempha kuti titsitse agogo anu ndi iwe pa Lirangwe, bwana asadziwe. Che Saidi anayang'ana dzuwa n'kunena kuti tikangoima, a kasitomu atsekera. Agogo anu anati, "Pitiriza. Ndikufuna ndikaone nkhuku zimene zandigoneka pa simenti ku Kawale." Choncho tinadutsa kwathu osaima. Ine ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti ndikamve phokoso.

Ndinalimva tisanazimitse injini. Linali lofooka kuposa dzulo lake, koma linalipo. Ndinathamanga ndi kalata m'manja. Mu shedi ndinapeza a Faksi atagwada pa simenti, malaya atatuluka mu thalauza, mawondo ali zitosi zokhazokha. Adokotala anali atawauza kuti lamulo likuletsa kutulutsa anapiye, koma silikuletsa kuwamwetsa. Ndiye kuyambira dzulo lake anali akuthira madzi a shuga m'tizitsekerero ta mabotolo, katoni ndi katoni, onyamula katundu a pa bwalopo akuwathandiza, ndipo makatoniwo anawazunguliza ndi mabotolo a madzi otentha ochokera ku kantini, okulungidwa m'masaka. Pakona panali katoni imodzi yotseka. Sindinafunse za m'menemo. Ena onse ankayenda, akujompha zala za bwana.

Adokotala anawerenga kalata ija, anaiyang'anitsa kumene kukuchokera kuwala kuti aone chidindo, n'kunena kuti, "Tsegulani geti." Che Saidi anabweza pikapu mpaka pakhomo la shedi kuti tipakire. Ndipo m'menemo munatsika agogo anu, juzi ya bambo anu ili m'thupi, iwe uli m'manja mwawo.

A Faksi anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana agogo anu, anayang'ana iwe, anayang'ana ine. Mtima wanga unati basi, anapiye apulumuka koma ine ndapita.

"Anapita nawo ku Lilongwe?"

"Inde, bwana."

"Onse awiri?"

"Inde, bwana. Che Saidi alibe mlandu. Ndinaumiriza ndine."

Anapukuta thukuta pamphuno ndi dzanja la zitosi lomwelo. Agogo anu anandikodola. "Akuti chiyani? Umuuze kuti mipando ya galimoto yake ndi yolimba ngati benchi ya ku khoti." Sindinamasulire. Bwana anayandikira, anakusuzumira m'bulangete muja, iwe n'kuyetsemula.

"Ine ndatha usiku umodzi ndi ana awa, msana wathyoka," anatero akuloza makatoni. "Faksi ya lero ndilemba kuti Agnes anapita ku likulu n'kubwera ndi chilolezo. Za amene anakwera galimoto sanandifunse." Kenako anatembenukira kwa agogo anu, anaika manja pamodzi, n'kunena Chichewa chonse chimene ankachidziwa: "Zikomo, amayi. Zikomo kwambiri. Basi."

Anapiyewo tinakawatsekera m'khola latsopano kuseri kwa depoti, ndipo masabata otsatirawo ndinkalowa m'mawa uliwonse mtima uli m'mwamba, kuyang'ana ngati pali wogwetsa mapiko. Dokotala wa boma ankabwera, n'kumapita osapeza kanthu. Tsiku limene anati ali bwino, ndinakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku n'kulira mokweza, mpaka kasitomala wina anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, bambo, kulibe, mukufuna matumba angati? Lolemba lake ndinapita kuntchito, ndi Lolemba linalo, mpaka tsitsi linachita imvi ndili pa kampani yomweyo. Iwe Mwandida chifuwa chija chinatha kutangoyamba kufunda, ndipo unayamwa mpaka unayamba kundithamangira wekha pa khonde la depoti, n'kumakoka bulauzi pamaso pa makasitomala.